Damu la dothi, kupatutsa mtsinje, mjigo wa sola kapena pampu: tisankhe chiti?

Mtsinje uliwonse ndi wolemera mu Febuluwale. Ndiwo mwezi umene alendo a zachitukuko amakonda kuima pamlatho, kuona madzi ofiira akugubuduza zitsa, n'kunena kuti, "Madzi onsewa akungopita pachabe, apa pakufunika damu." Anthu n'kuwomba m'manja. Koma amene anatungako pamtsinje womwewo mu Okutobala, atagwada pamchenga n'kumafukula ndi mbale, kudikira kuti timadzi tidikhe, amadziwa kuti vuto si kuchepa kwa madzi a dzinja. Vuto lili pa miyezi ya pakati pa Ogasiti ndi mvula yoyamba: anthu adzamwa chiyani, nanga chimanga cha kudimba chidzamwa chiyani?

Kwathu nkhaniyi tinaikambirana pabwalo kwa zaka, ine ndili mlembi wa komiti ya madzi. Njira zimene zinkatchulidwa ndi zomwezi zimene mumazimva kulikonse: kuunjika damu la dothi, kumanga kakhoma ka konkire kopatutsira mtsinje mu ngalande, kukumba mjigo n'kuikapo sola, kapena kungogula pampu n'kumakoka madzi. Ndinayamba ndili wa damu ndi mtima wonse. Lero ndikadali wa damu, koma ndimayamba ndafunsa mafunso ambiri ndisanavomere.

Masamu a ndowa

Timakonda kutchula "madzi akumwa ndi othirira" pamodzi ngati ndi mapasa. Si mapasa ayi, wina ndi kalulu wina ndi njovu. Tiyerekeze kuti munthu mmodzi amatha ndowa ziwiri za malita 20 patsiku, pakumwa, kuphika, kusamba ndi kuchapa. Pachaka ndi malita 14,600. Tsono chimanga chothirira chimafuna madzi okwana mamilimita 500 mpaka 800 kuti chikhwime, ndipo milimita imodzi pa hekitala ndi malita 10,000. Titenge 600 basi: hekitala imodzi yamwa malita 6 miliyoni. Amenewo ndi madzi a chaka chathunthu a anthu oposa 400. Mpunga ndiye usanene, umafuna kuima m'madzi. Apanso sitinawerengere madzi olowa pansi m'ngalande zosawaka.

Choncho mudzi wonse ungathe kumwa pa kasupe kakang'ono, pamene sikimu ya mahekitala 20 siingapume popanda mtsinje wosaphwa kapena nkhokwe yeniyeni ya madzi. Masamu awa musawataye, chifukwa njira iliyonse m'munsimu ikuyezedwa ndi iwowa.

Damu la dothi

Mwa njira zonsezi, damu lokha ndi limene limatenga madzi a Febuluwale n'kukawapereka mu Okutobala. Zinazo zimangogwiritsa ntchito madzi amene alipo tsiku limenelo. Ubwino wina ndi woti zomangira zake zili pomwepo: dothi, miyala, kapinga. Silifunanso thanthwe pansi monga limafunira khoma lalitali la konkire, limatha kukhazikika pa nthaka wamba bola ikonzedwe bwino. Si njira ya kumudzi kokha. Mzinda wa Lilongwe umamwa kuchokera ku madamu awiri a pa mtsinje wa Lilongwe ku Malingunde, Kamuzu Dam I la mu 1966 ndi Kamuzu Dam II la mu 1989, ndipo onse awiri anachita kuwakweza pambuyo pake anthu atachuluka mumzinda.

Komatu damu la dothi si mulu wa dothi. Ntchito imayambira pansi, pamene maso sadzaonanso: amachotsa nthaka yonse yapamwamba ya mizu ndi zinyalala, kenaka n'kukumba ngalande yodutsa khwawa lonse mpaka atafika pa nthaka yolimba yosadutsa madzi. Ngalandeyo amaidzaza ndi dongo, ndipo dongolo limapitirira kukwera pakati pa khoma ngati msana. Dothi amalithira pang'onopang'ono, masentimita 15 kapena 20, kuliwaza madzi kuti lichite chinyontho, kulitsindira ndi makina, kenaka n'kuthiranso lina. Katondo wokhala ndi timchenga pang'ono ndiye wabwino. Makande amanyenga: akanyowa amagwira madzi, koma dzuwa likawomba amang'aluka ming'alu yolowa dzanja. Mchenga wokha ndi sefa. Kuyesa kwake koyamba n'kosavuta: nyowetsani dothilo, lipoteni pachikhatho ngati chingwe. Likapoteka osaduka msanga, muli dongo. Likangoyoyoka, kafuneni kwina.

Khomalo limafunanso kukhala lotakata modabwitsa. Mbali ya madzi imatsetsereka pafupifupi mamita 3 pa mita iliyonse yokwera, mbali ya kunsi mamita 2 kapena kuposerapo. Khoma lotalika mamita 6 tsinde lake limapitirira mamita 30. Kontilakita akakuuzani kuti achepetsako kuti ndalama zikwane, dziwani kuti akuchepetsa moyo wa damulo.

Mdani wamkulu wa khoma la dothi ndi madzi odutsa pamwamba pake. Konkire imapirira zimenezo, dothi ayi: madzi akangoyamba kusefukira pamutu pa khoma amakumba kampata, kampatako n'kukula, m'maola ochepa damu lonse lapita. N'chifukwa chake pambali pamakhala njira yotayira madzi osefukira, yotakata, yodutsa pa nthaka yosaunjika kapena pathanthwe, yokatulukira kutali ndi tsinde la khoma. Njira imeneyi imadya ndalama zambiri, nthawi zina kuyandikira mtengo wa khoma lenilenilo, ndipo ndi imene anthu amathamangira kuichepetsa poti chaka chonse imangokhala youma. Paja madzi saiwala khwawa. Namondwe Ana mu Januwale 2022 anagumula mbali ya damu la Kapichira pa Shire, dziko n'kutaya magetsi pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mu Malichi 2023 Freddy anationetsa kuti mvula ya masiku atatu ingathe kuchita zotani. Ku Solai m'dziko la Kenya, damu la dothi la pa famu ina linaphulika usiku mu Meyi 2018 n'kupha anthu oposa 40 amene ankakhala kunsi kwake. Ndiye pofunsa za damu, funsaninso kuti kunsi kwake kukugona ndani.

Mdani wachiwiri ndinamuona ndi maso anga. Kadamu kathu koyamba kanali ndi paipi yodutsa pansi pa khoma, yotulutsira madzi kudimba. Omanga ankathamangira mvula, ndiye dothi lozungulira paipiyo anangolipondaponda ndi mapazi. Damu litadzaza tinavina. Patapita milungu ingapo, agogo ena amene ankalima masamba kunsi kwake anandiitana.

"Mwanawe, tabwera uone. Madzi awa bwanji akutuluka ofiira?"

Ndinawerama. Pambali pa paipi pankatuluka timadzi tochepa, tokwana kudzaza kapu pa mphindi imodzi, ndipo pamene tinkagwera panali pataunjikana kamulu ka dothi losalala ngati phala.

"Agogo, musadandaule, damu lililonse limachita thukuta," ndinatero ine wodziwa.

"Thukuta lako limatuluka ndi mnofu?" anandifunsa, n'kubwerera ku mabedi awo a mpiru.

Anali olondola. Madzi oyera onyentchera kunsi kwa khoma si achilendo. Madzi a matope ndiye kuti akutuluka atanyamula khomalo m'kati, akuboola una. Usiku wina unawo unakula, m'mawa tinapeza chigwembe pakati pa khoma, madimba a mabanja angapo atakwiririka ndi mchenga. Mwamwayi kunsiko kunalibe nyumba. Chiswe, mizu ya mitengo yomera pakhoma ndi njira za ng'ombe zimachita zomwezo mwakachetechete. Pakhoma pamafunika kapinga wometedwa, osati mtengo, ngakhale wa mango.

Walira mvula walira matope

Ngakhale damu lomangidwa mwaluso limafa ngati kumtunda kwake kwafa. Dothi lililonse lokokoloka m'minda ya m'mapiri limathera m'damu, n'kumatenga malo a madzi chaka ndi chaka. Pamwamba damu limaoneka lodzaza, pamene pansi ndi phala lokhalokha. Kuchotsa matopewo ndi makina nthawi zambiri kumadula mofanana ndi kumanga lina.

Anthu a ku Ntcheu ndi Balaka sanaiwale chaka cha 2018, pamene damu la Mpira linauma, mipope imene inkatumikira midzi ndi matauni ambiri n'kungotsala ikulira mphepo. Mvula inali itachepa, inde, koma kudulidwa kwa mitengo m'nkhalango ya Mvai ndi kulima m'mbali mwa timitsinje tothira m'damulo kunali kutayamba kale kulipha. Ku Lilongwe zinafika potumiza asilikali kukalondera nkhalango ya Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe umayambira, chifukwa cha ootcha makala. Tangoganizani, mfuti kulondera mitengo kuti mpope wa ku Area 25 utuluke madzi.

Ndiye amene akufuna damu ayambe wayenda wapansi kuchokera pamalo a khoma mpaka kumene mtsinje ukuyambira. Kodi anthu a kumtundako, amene mwina sadzamwako n'komwe madziwo, avomera kusiya kulima m'mphepete, kubzala vetiva, nsungwi ndi nsenjere? Apindulapo chiyani? Ngati yankho palibe, damulo mukumangira matope.

Dzuwa nalo limamwa nawo. M'miyezi yopanda mvula, madzi a pamtetete amatha kutsika pafupifupi mita yathunthu chifukwa chongouluka. Damu lotambalala koma losaya limataya gawo lalikulu la madzi ake chotero. Malo abwino ndi pamene khwawa lapanikizika pakati pa zitunda ziwiri, kumbuyo kwake kuli chigwa chakuya.

Palinso nkhani ya malo. Madzi amamiza dambo, ndipo dambo ndi limene linali dimba la wina, msipu wa ng'ombe za wina, mwinanso pafupi ndi manda. Damu lalikulu la pa mtsinje wa Diamphwe, m'malire a Lilongwe ndi Dedza, loti lipereke madzi akumwa ndi othirira, lakhala likukambidwa kwa zaka zambiri, ndipo m'zokambiranazo nkhani ya mabanja oti asamuke ndi chipukuta misozi chawo siisowa. Kadamu ka m'mudzi nako kali ndi mlandu womwewo, kungoti oweruza ake ndi a gulupu.

Chomaliza pa damu: madzi ake si akumwa pokhapokha atasefedwa ndi kuthiridwa klorini. Amatsika kuchokera kumtunda atatsuka tchire lonse. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno, sitifunikanso kuphunzitsidwa kawiri. M'mbali mosaya mumaswana udzudzu ndi nkhono zofalitsa likodzo, ndipo ana amakonda kusambira momwemo.

Kupatutsa mtsinje

Ngati mtsinje wanu suphwa, ndipo uli pamwamba kuposa minda, musavutike ndi damu. Kakhoma kakafupi ka konkire kapena miyala ndi simenti kamangokweza madzi pang'ono kuti alowe mu ngalande, otsalawo n'kudumpha pamwamba kumapita. Sikamiza malo, sikafuna mafuta, sikafuna magetsi. Masikimu akale a mpunga monga Domasi ndi Likangala ku chigwa cha Chilwa, Muona ku Nsanje, Limphasa ku Nkhata Bay, Hara, Wovwe ndi Lufilya ku Karonga amadalira kupatutsa mitsinje. Mipope ya m'midzi yotsika yokha kuchokera m'mapiri a Zomba ndi Mulanje, imene inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, nayo ndi nzeru yomweyi. Pa mtengo ndi pa kusavuta kusamala, njira iyi ilibe inzake.

Chilema chake n'chimodzi koma chachikulu: siisunga kanthu. Mtsinje ukachepa, ngalande yachepa tsiku lomwelo. Sikimu ya Bwanje ku Mtakataka, ya mahekitala 800, inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan podalira mtsinje wa Namikokwe. M'dzinja mpunga unkachita bwino, koma m'chilimwe madzi ankangokwana kachigawo kochepa ka mundawo, mpaka pambuyo pake anachita kumangako damu. Ndipo madzi akachepa mu ngalande, mkangano wa akumtunda ndi akumunsi umayamba. Amene analimako kumchira kwa sikimu amadziwa za kudzuka pakati pa usiku kukatsegula pamene mnzako watseka ndi chibuma.

Mjigo wa sola

Pa madzi akumwa, mjigo umaposa damu kutali. Madzi a pansi nthawi zambiri amatuluka oyera, safuna makina osefera, ndipo mjigo umakumbidwa masiku ochepa pafupi ndi nyumba. Wa pamanja wa Afridev amauwerengera anthu 250, ndipo zipangizo zake amakaniki a m'midzi amazidziwa. Mukaika sola ndi thanki pamwamba, madzi amafika pa mipope ingapo, amayi n'kupuma kupopa.

Pa ulimi ndiye pamene anthu amakhumudwa. Mijigo yambiri ya m'madera a miyala sipereka madzi ochuluka. Tiyerekeze wanu ukutulutsa lita imodzi pa sekondi, umene ndi mjigo wabwino ndithu. Dzuwa likapopa maola 8, mwapeza malita 28,800. Hekitala ya chimanga pa tsiku lotentha, ikamamwa mamilimita 6, ikufuna malita 60,000. Ndiye kuti mjigo wonsewo sukukwanitsa ngakhale theka la hekitala, anthu asanatungeko. Wa tomato, anyezi ndi masamba pa kamunda kochepa, makamaka wothirira modontheza, apindula. Woganiza za mahekitala 10 a chimanga chachiwisi alira. Musalipire kontilakita asanapope mjigowo kwa maola ambiri motsatizana inu mukuona, makamaka m'chilimwe. Ku Chikwawa ndi Nsanje yambani mwalawa, poti malo ambiri madzi a pansi ndi amchere, ndipo mchere umapha nthaka pang'onopang'ono. Mapanelo nawo amafuna mpanda ndi mlonda, akuba amawakonda.

Pampu pa mtsinje kapena panyanja

Kwa mlimi mmodzi kapena kagulu kakang'ono ka m'mbali mwa Shire, Bua kapena nyanja, pampu ndiyo njira yachangu: yopalasa ndi miyendo, ya petulo, kapena ya sola. Mwagula lero, mawa mwathirira. Koma madzi okwezedwa amalipiridwa tsiku lililonse, ndipo mafuta akasowa pa filing'i siteshoni mbewu sizidikira.

Mizinda imadziwa ululu umenewu. Blantyre amakoka madzi ake ambiri ku Walker's Ferry pa Shire, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, n'kuwakweza mamita pafupifupi 800, ndipo ndalama zambiri zimene bungwe la madzi limatolera zimathera ku magetsi. Yerekezani ndi Zomba, kumene damu la Mulunguzi lili pamwamba pa phiri, madzi n'kumatsika okha. Ntchito yokoka madzi ku Salima kupita ku Lilongwe ili ndi ubwino woti nyanja siuma ngati damu, koma ndi mapaipi a makilomita oposa 100, kuchokera pa nyanja imene ili mamita osakwana 500 pamwamba pa nyanja yamchere kukafika kumzinda umene uli pa mamita oposa 1,000. Madzi otero angakhale akumwa, koma wothirira nawo chimanga sangabweze ndalama zake.

Pali kanjira kena kamene kuno sitinakazolowere koma ku Kitui ndi Machakos m'dziko la Kenya n'kofala: kakhoma ka konkire pa mtsinje wamchenga wokhala ndi thanthwe pansi. M'malo moopa mchenga, amaulola kudzaza kumbuyo kwa khomalo, madzi n'kubisala m'kati mwake, kumene dzuwa ndi udzudzu sizifika. Ndi kufukula kuja kwa mu Okutobala, koma kokonzedwa. Amakwanira kumwa, ziweto ndi timadimba, osati sikimu.

Ndani amwe poyamba?

Maganizo anga ndi awa. Kumene kuli mtsinje wosaphwa wotsika m'phiri, patutsani. Kumene cholinga chachikulu ndi kumwa, kumbani mjigo. Damu la dothi ndi la kumene mtsinje umasefukira m'dzinja n'kuuma m'chilimwe, kuli malo opanikizika, dongo pafupi, kumtunda kukadali mitengo, ndipo pali injiniya weniweni woti ayeze ndi kuyang'anira kutsindira, osati mwini thirakitala chabe. Ndipo kwa mudzi, ndimakonda kulekanitsa ziwirizi: damu likhale la mbewu, ziweto ndi nsomba, anthu azimwa pa mjigo. Kawirikawiri chitsime chokumbidwa chakunsi kwa damu sichiphwa msanga, poti madzi olowa pansi amachidyetsa.

Kumene damu limodzi liyenera kugwira ntchito zonse ziwiri, gwirizanani za kagawidwe madzi asanadzaze. Njovu ija ikayamba kumwa mu Ogasiti, kalulu adzapeza matope mu Novembala. Njira yosavuta ndi kuika potulukira madzi othirira pamwamba, potulukira madzi akumwa pansi pake, kuti ngakhale wina atsegule usiku asathe kukhudza gawo la anthu. Kuchuluka kwa mahekitala obzala kuzigamulidwa mu Meyi poona pamene madzi alekeza, osati poona kuti chaka chatha tomato anagulidwa bwanji. Zopereka za pamwezi zikhalepo kuyambira tsiku loyamba, chifukwa kapinga, mageti ndi klorini sizidikira mlendo wa galimoto yoyera. Musaiwalenso kuti kutseka kapena kupatutsa mtsinje kumafuna chilolezo: lamulo la madzi la 2013 linakhazikitsa National Water Resources Authority yoona zimenezi, ndipo a ku ofesi ya ulimi wamthirira paboma angakuuzeni poyambira.

Ife titamanganso damu lathu, paipi tinaizinga ndi konkire, dothi lozungulira tinalitsindira ndi zitsulo zapamanja tsiku lonse, ndipo m'madzi tinazikamo mzati wokhala ndi mzere wofiira. Madzi akafika pamzerewo, geti ya kudimba imakhomedwa loko, kiyi n'kupita kwa amfumu. Chaka choyamba chimene tinakhoma, mlamu wanga anali ndi anyezi wotsala milungu iwiri kuti akhwime. Anamaliza ndi ndowa yapamutu kuchokera kuchitsime, ndipo mpaka Khirisimasi sankandiyankha moni.